Thupi Lachira, Nanga Maganizo? Zimene Ofufuza Akupeza Mtsempha Ukaphulika M'mutu

Munthu akagonekedwa m'chipatala ali chikomokere, kenako n'kutuluka akuyenda ndi miyendo yake, akudya yekha ndiponso akuzindikira abale ake, tonse timati wachira. Odwazika matenda amabwerera kwawo, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri timayembekezera kuti mayi ayambirenso geni yake, bambo abwerere kuntchito. Kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankawerengera chomwecho. Koma pali mtundu wina wa sitiroko umene wawaphunzitsa kuti kuyenda ndi kulankhula si umboni wokwanira wakuti ubongo wachira. Mtundu wake ndi uja umachitika mtsempha wamagazi ukatupa n'kuphulika m'mutu. Anthu ambiri amene amapulumuka matendawa amaoneka bwinobwino, koma amavutika kukumbukira zinthu, kukonza zochita ndi kutsatira nkhani. Popeza bala lake silioneka, pakhomo amayamba kuwanena kuti achita ulesi, asanduka amwano, kapena alodzedwa.

Chimachitika n'chiyani m'mutumo?

Amene anakwerapo njinga amadziwa zimene chubu chimachita chikafooka malo amodzi. Mukapopa, pamalo pofookapo pamatuluka kachotupa. Mtsempha wamagazi umachitanso chimodzimodzi, makamaka pamphambano pomwe mitsempha imagawikana kunsi kwa ubongo. Madokotala amatcha chotupachi aneurysm. Pafupifupi akuluakulu 3 mwa 100 alionse ali nacho, koma ambiri amakalamba osadziwa chifukwa sichiphulika. Chikaphulika, magazi amakhuthukira m'mpata wa pakati pa ubongo ndi timinofu topyapyala timene timaukuta, momwe mumayenda madzi oteteza ubongo.

Mwa odwala sitiroko 100 alionse, pafupifupi 5 okha ndi amene amadwala mtundu umenewu. Komabe umapweteka mabanja kwambiri chifukwa umakonda kugwira anthu a zaka za m'ma 50, amene akadali pantchito ndipo ana awo akadali pasukulu. Amayi amadwala kuposa abambo. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amamwalira, ena asanafike n'komwe kuchipatala.

Chizindikiro chachikulu ndi mutu umene umayamba mwadzidzidzi ngati munthu wamenyedwa ndi chibonga, n'kufika poipa pasanathe mphindi imodzi. Khosi limauma, munthu amasanza, kuwala kumamupweteka m'maso, ndipo ena amakomoka kapena kugwa ngati akhunyu. Mutu wotere si woti muyambe mwamwera panado n'kudikira kuti kuche. Musamupatse aspirin wodwalayo, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukafotokoze momveka kuti mutuwo unayamba kamodzin'kamodzi. Mawu amenewa ndi amene amathandiza dokotala kuganiza zomutumiza kukajambulidwa m'mutu ndi makina a CT.

Poyamba funso linali limodzi: kodi apulumuka?

Mu 1937, dokotala Walter Dandy wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, anatsegula chigaza cha wodwala n'kupana khosi la chotupa ndi kachitsulo kakang'ono kuti magazi asalowemonso. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dokotala wa ku Italy dzina lake Guido Guglielmi, akugwira ntchito ku Los Angeles, anabweretsa njira ina yosatsegula mutu. Amalowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa pantchafu, n'kukayendetsa mpaka kumutu, kenako n'kudzaza chotupacho ndi tiwaya tofewa kuti magazi aundane m'katimo.

Pofuna kudziwa ngati chithandizo chagwira ntchito, madokotala ankagwiritsa ntchito miyezo ngati uja unakonzedwa ku Glasgow mu 1975. Muyezo umenewu umaika odwala m'magulu asanu, kuyambira womwalira mpaka wochira bwino. Munthu akamatha kudzisamalira n'kumachita zapakhomo, ankalembedwa kuti wachira bwino, faelo n'kutsekedwa.

Amene anayamba kukayikira zimenezi ndi madokotala a ku Lund, m'dziko la Sweden. Mu 1985, Bengt Ljunggren ndi anzake anaitananso odwala amene sanapuwale chiwalo chilichonse pambuyo pa opaleshoni, n'kuwayesa kukumbukira ndi kuganiza. Anapeza kuti ambiri mwa iwo anali ndi vuto, ngakhale kuti m'mabuku a chipatala anali ochira.

Umboni wamphamvu unabwera ndi kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAT, amene anatsogoleredwa ku Oxford ndipo anakhudza odwala 2,143. Zotsatira zake zoyamba, mu 2002, zinaonetsa kuti patatha chaka, odwala 24 mwa 100 alionse oikidwa tiwaya anali atamwalira kapena akudalira ena, poyerekeza ndi 31 mwa opanidwa ndi kachitsulo. Mu 2010 ofufuza anatulutsa gawo lina la kafukufuku yemweyo. Anayesa maganizo a odwala 474 a ku Britain amene sanalumale, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi vuto la kuganiza. Mwa oikidwa tiwaya anali 27 pa 100 alionse, mwa opanidwa ndi kachitsulo anali 39. Izi sizikutanthauza kuti opaleshoni yotsegula mutu ndi yoipa, chifukwa pali zotupa zina zimene zimatheka ndi njira yokhayo. Phunziro lake linali lakuti kuwerenga opulumuka kokha kumabisa mavuto a anthu ambirimbiri.

Zimene zimasokonekera

Mu 2010, akatswiri a ku Toronto, m'dziko la Canada, anasonkhanitsa zimene ofufuza osiyanasiyana anapeza. Anaona kuti mbali zitatu ndi zimene zimavutika kawirikawiri: kukumbukira, kukonza ndi kutsiriza zochita, ndiponso chilankhulo.

Pa kukumbukira, zakale sizitayika kwenikweni. Munthu angakuuzeni za ukwati wake ndi mayina a aphunzitsi ake a kupulayimale, koma osakumbukira zimene mwamuuza m'mawa. Amathira mchere kawiri m'ndiwo, amaiwala mphika pamoto, amafunsa funso lomwe lija katatu.

Kukonza zochita ndi luso limene sitiliganizira mpaka litasowa. Kuphika nsima ndi ndiwo kuti zipsere limodzi, kugawa malipiro kuti akwane lendi, fizi ndi chakudya, kubweza chenji uku kasitomala wina akufunsa mtengo, zonsezi zimafuna kuti ubongo usunge zinthu zingapo nthawi imodzi n'kuziika mundondomeko. Wodwala amayamba ntchito n'kuisiyira panjira, kapena amangokhala duu osadziwa poyambira. Woonera patali amati ndi ulesi.

Pa chilankhulo, mawu amathawa pakamwa. Emilia Clarke, wochita mafilimu wa ku Britain, anadwala matendawa mu 2011 ali ndi zaka 24. Mu 2019 anaulula kuti kwa masiku angapo pambuyo pa opaleshoni ankalephera kutchula ngakhale dzina lake. Iye anachira, ndipo anayambitsa bungwe la SameYou lolimbikitsa chisamaliro cha anthu ovulala ubongo akatuluka m'chipatala, chifukwa anaona kuti chithandizo chimachepa pa nthawi imeneyi.

Malo amene chotupa chinali nawonso amakhudza. Chikaphulikira pamtsempha wina wa kutsogolo, kuseri kwa mphumi, ena amasintha khalidwe. Wofatsa amasanduka wa mtima wapachala, wamanyazi amayamba kulankhula zosayenera pagulu. Ena amafotokoza zinthu zimene sizinachitike, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti n'zoona. Sikuti akunama. Ubongo ukungodzaza mipata imene yatsala m'chikumbukiro.

Pamwamba pa zonsezi pali kutopa kumene odwala ambiri amadandaula nako ngakhale patapita zaka. Si kutopa kwa munthu wochokera kumunda. Kucheza ndi alendo kwa ola limodzi, phokoso la pamsika, kapena kukhala pa mapemphero kuyambira Sukulu ya Sabata mpaka masana kungamugonetse munthu tsiku lonse. Ambiri amakhalanso ndi nkhawa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo mutu ukangowawa pang'ono amachita mantha kuti zija zayambiranso.

Njira yoyamba ya ofufuza: kuyeza bwino

Vuto losayezedwa silithandizidwa, choncho ntchito yaikulu yakhala yopeza muyezo wabwino. Mayeso akale a MMSE, a mu 1975, anapezeka kuti amaphonya odwala ambiri a matendawa chifukwa safufuza mokwanira luso la kukonza zochita. Mayeso a MoCA, amene dokotala Ziad Nasreddine wa ku Montreal anafalitsa mu 2005, amagwira ambiri. Amatenga mphindi pafupifupi 10 ndipo malikisi onse ndi 30. Wodwala amajambula wotchi, amatchula mayina a nyama za pachithunzi, amachotsera 7 kuchokera pa 100 mobwerezabwereza, ndipo amasunga mawu asanu kuti awatchulenso pakapita kanthawi. Malangizo amene bungwe la American Heart Association linatulutsa mu 2023 amalimbikitsa kuti opulumuka matendawa aziyezedwa kaganizidwe, nkhawa ndi kukhumudwa, osati kayendedwe kokha.

Ofufuza ayambanso kufunsa eni ake matendawo. Ku Southampton, ku Britain, anakhala pansi ndi odwala n'kukonza mndandanda wa mafunso 56 wotchedwa SAHOT, umene unafalitsidwa mu 2018. Umafunsa za moyo weniweni wa tsiku ndi tsiku, ndipo wachibale nayenso angathe kuyankha zimene akuona.

Pano pali mfundo yotikhudza. Kafukufuku wochuluka wachitikira ku Ulaya, ku North America ndi kum'mawa kwa Asia, ndipo mayeso ake anakonzedwera anthu amene anakhalitsa m'kalasi. Agogo amene sanagwirepo pensulo angalephere kujambula wotchi ubongo wawo uli bwinobwino, pomwe mphunzitsi angakhoze mayeso onse koma akulephera kuyendetsa kalasi monga kale. N'chifukwa chake umboni wa apabanja ndi wofunika. Inu ndi amene mukudziwa mmene munthuyo analili asanadwale.

Njira yachiwiri: kufufuza chimene chimawononga ubongo

Kwa zaka zambiri madokotala ankaloza chala chinthu chimodzi. Pakati pa tsiku la 4 ndi la 14 chiphulikire chotupa, mitsempha imene yakhudzana ndi magazi otayika aja imafinyika, ndipo mbali zina za ubongo zimaperewera magazi. Pafupifupi odwala 3 mwa 10 alionse amakumana ndi vuto limeneli. Mankhwala a nimodipine, amene amamwedwa maola 4 alionse kwa masiku 21, anatsimikizika pa kafukufuku wa odwala 554 ku Britain mu 1989 kuti amachepetsa kuwonongekaku, ndipo akugwiritsidwabe ntchito.

Kenako kunabwera mankhwala ena, a clazosentan, amene anaonetsa kuti amaletsadi mitsempha kufinyika. Chiyembekezo chinali chachikulu. Koma kafukufuku wa odwala oposa 1,000, amene anatuluka mu 2011, anapeza kuti olandira mankhwalawo sanachire bwino kuposa anzawo. Mitsempha inatseguka, koma anthu sanapindule monga ankayembekezera. Apa ofufuza anazindikira kuti mdani sanali mmodzi.

Maso anatembenukira ku maola 72 oyambirira. Chotupa chikangophulika, m'chigaza mumapanikizika kwambiri moti kwa kanthawi magazi amalephera kufika bwino mu ubongo wonse. Timaselo ta ubongo timayamba kufa, ubongo umatupa, ndipo timitsempha ting'onoting'ono timatsekeka. Mmodzi mwa akatswiri amene alemba zambiri pa kuvulala koyambiriraku ndi John Zhang wa pa yunivesite ya mpingo wathu ya Loma Linda ku California. Ntchito yambiri ya gulu lake imachitikira pa makoswe a mulabotale, ndipo mankhwala ogwira ntchito pa khoswe amayenera kuyesedwa kaye kwa zaka asanafike kwa munthu.

Ofufuza ena akulimbana ndi magazi otayika aja. Magazi ndi moyo akakhala mumtsempha, koma akatayikira pa ubongo amaphwanyika n'kutulutsa zinthu zoupweteka, kuphatikizapo ayironi. Ndiye bwanji osawachotsa msanga? Kafukufuku wotchedwa EARLYDRAIN, wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Germany ndipo anatuluka mu 2023, anayesa zimenezi pa odwala 287. Ena anawaika kapaipi kumsana kotulutsa madzi osakanikirana ndi magaziwo. Patatha miyezi 6, odwala 33 pa 100 alionse oikidwa kapaipi anali atamwalira kapena atalumala, poyerekeza ndi 45 mwa osaikidwa. Zimenezi zalimbitsa maganizo akuti kutsuka magaziwo msanga kumateteza ubongo.

Njira yachitatu: kupeza zimene zingachizike

Si kuiwala konse kumene kumachokera ku timaselo takufa. Nthawi zina magazi aja amatseka njira za madzi a mu ubongo, madziwo n'kuyamba kudzadza m'mutu, ngakhale patapita milungu kapena miyezi. Munthu amene ankapezako bwino amayamba kubwerera m'mbuyo: amayenda modzandira ndi mapazi okwakwaza, amagonagona, amachedwa kuyankha, amalephera kusunga mkodzo. Vuto limeneli lili ndi mankhwala ake. Madokotala amaika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba, ndipo ambiri amasintha. Mukaona zizindikirozi musati ndi ukalamba, bwererani naye kuchipatala.

Ena kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kali kunsi kwa ubongo ndipo kamalamulira mahomoni, kamafooka n'kubweretsa kutopa. Izi zimadziwika poyeza magazi. Kusowa tulo, kukhumudwa, ndi mankhwala ena oletsa khunyu nazonso zimalemetsa maganizo. Chilichonse mwa izi chikathandizidwa, kuganiza kumapepukako. Koma musamusiyitse wodwala mankhwala alionse musanakambirane ndi dokotala.

Zimene banja lingachite

Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi yoyambirira ndi chaka choyamba, koma ena amapitiriza kupezako bwino pambuyo pake. Pa nthawi yonseyi, achipatala amamuona wodwala mphindi zochepa, pomwe inu mumakhala naye usana ndi usiku.

Gulani kope. Lembani zimene mukuona, tsiku lake ndi chitsanzo chake: wasochera pochokera kuchigayo, walipira ngongole imodzi kawiri, wakalipira mwana popanda chifukwa. Popita kuchipatala tengani kopelo, ndipo wina amene amakhala naye alowe nawo. Dokotala akafunsa kuti muli bwanji, odwala ambiri amangoti ali bwino, ena chifukwa cha ulemu, ena chifukwa vutolo saliona. Pemphani kuti amuyeze kukumbukira ndi kuganiza, ndipo funsani ngati pali akatswiri a mafizo, a zolankhula kapena a zamaganizo amene angamuone.

Pakhomo, chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake, ndipo tsiku liziyenda mwadongosolo lomwelo. Muuzeni chinthu chimodzi, achite, kenako china. Zimitsani wailesi polankhula naye. Alamu ya pafoni imukumbutse mankhwala, kalendala ya pakhoma imukumbutse masiku. Ntchito zofuna kuganiza azichita m'mawa mutu ukadali wopepuka, ndipo apume asanatheretu mphamvu. Musamulande ntchito zonse. Ngati ankaphika, aphike wina ali pafupi. Ngati ankasunga ndalama za banja kapena za gulu, aziwerengera limodzi ndi munthu wokhulupirika mpaka zitaoneka kuti akutha, kuti asadzanenedwe kuba pa cholakwa cha matenda. Kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto kudikire chilolezo cha dokotala. Kuntchito abwerere pang'onopang'ono, maola ochepa poyamba, abwana atafotokozeredwa.

Akafotokoza zimene sizinachitike, musakangane naye pagulu. Mukonzeni mofatsa muli awiri. Ana afotokozereni kuti ukali wa amayi kapena abambo awo ukuchokera ku bala la m'mutu, osati kuti asiya kuwakonda. Akayamba kulankhula zoti moyo alibe nawo ntchito, musazengereze, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ifenso a mumpingo tili ndi mbali yathu. Timadziwa kuzonda wodwala ali pabedi, koma katundu weniweni amayamba akatuluka. Kazondeni awiriawiri, kwa nthawi yochepa, osati gulu lonse la Dorika nthawi imodzi. Mbale akapempha kutula udindo kwa kanthawi, kapena akatuluka ulaliki usanathe, tisamuyese wofooka m'chikhulupiriro. Ndipo tikumbukire wodwazikayo. Mutu umodzi susenza denga: mkazi kapena mwamuna amene akusamala mnzake wosinthika chotere amafunika womulandira, ngakhale masana amodzi pa mlungu, kuti akapume.

Kutseka khomo matenda asanalowe

Zinthu zitatu zimene zimachititsa kwambiri chotupa kukula ndi kuphulika ndi fodya, kuthamanga kwa magazi ndi kumwa mowa mwauchidakwa. Ku Finland, pakati pa 1998 ndi 2012, osuta fodya anachepa ndi 30 peresenti, ndipo odwala matendawa anachepa ndi 24 peresenti. Padziko lonse, chiwerengero chinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 10 mwa 100,000 alionse pachaka mu 1980 kufika pa 6 mu 2010, ndipo kutsikaku kunayendera limodzi ndi kuchepa kwa kusuta ndi kwa BP.

Ambiri a ife fodya ndi mowa sitikhudza, ndipo ndi chitetezo chenicheni. Koma tisadzinamize, BP sisankha mpingo. Kafukufuku wa m'Malawi wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kayezetseni ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Chepetsani mchere, yendani tsiku ndi tsiku, ndipo ngati munapatsidwa mankhwala a BP, musawasiye chifukwa choti mukupeza bwino kapena mwayamba kumwa zitsamba. Ngati m'banja mwanu anthu awiri kapena kuposerapo mwa makolo, abale a bere limodzi kapena ana anadwalapo matendawa, muuzeni dokotala, chifukwa nthawi zina amayenda m'magazi.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli kale munthu amene anapulumuka, funso la ofufuza a masiku ano likhalenso lanu. Musalekere pa kuona kuti akuyenda ndi kudya. Mufunseni, muli awiri ndiponso mosafulumira, kuti ndi ziti zimene zikumuvuta masiku ano zomwe kale ankachita mosavuta. Zimene ayankhe muzilembe m'kope lija, ndipo mupite nazo kwa dokotala.